Malata anga ndi apongozi a ku Ntchisi

Chaka chimene fodya anandikomera, ndinasasula udzu panyumba n'kukhoma malata. Mmisiri ndinamuuza kuti atseke ndi njerwa mpata wonse wa pakati pa khoma ndi denga, poti ndinkadana ndi fumbi komanso makoswe. Anthu opita ku Madisi ankacheuka akamadutsa, ine n'kumayenda ngati ndagula boma lonse la Dowa.

Mu Okutobala mkazi wanga anabereka mwana wathu woyamba, ndipo apongozi anga, mayi ake, anatsika kumapiri a ku Ntchisi kudzaona mdzukulu. Analowa m'nyumba masana, malata akuthetheka ndi dzuwa, n'kupeza khanda likulira, khosi lonse lili tiziphuphu ta thukuta. Kwathu mkamwini sayang'anana ndi apongozi, ndiye mawu anadzera kwa mkazi wanga, ine ndikumvera panja.

"Uwauze bambo a mwanayu kuti nyumba ndi yokongola. Koma Loweruka ndikutenga iwe ndi mwana, mudzabwera mvula ikagwa. Muno mupsa."

Ndinapsa mtima, sindinama. Mudzi wonse umve kuti mkazi wathawa nyumba ya malata? Choposa apo, ndinkaopa kuti mwana wanga akayambira kuseka kwa eni, ine kulibe.

Ndinapita kukakwiyira kuchigafa, chisakasa chaudzu chopanda makoma chimene timayanikamo fodya. Nditangokhala pansi, kamphepo kanandipita m'malaya mpaka ndinayamba kuodzera. Apo m'pamene manyazi anandigwira. Zaka zonsezi ndinkadziwa kuti fodya amafuna mphepo yodutsa, ndipo akaumitsa timawaza madzi pansi kuti afewe. Tsamba ndinkalisamala chonchi, koma anthu anga n'kuwatsekera mu uvuni.

M'mawa mwake ndinakwera pamakwerero ndi hamala, n'kugumula njerwa zingapo pansi pa denga mbali zonse ziwiri, kuti mpweya wotentha uzitulukira m'mwamba. Ndinachapa ziguduli, n'kuzipachika zonyowa pazenera lolowera mphepo, pansi n'kuwaza madzi. Mphepo ikadutsa m'chiguduli inkalowa yozizirira. Vuto linali loti ziguduli sizinkachedwa kuuma, ndiye ndinkapita ndekha kumjigo ndi ndowa, kanayi kasanu patsiku. Amayi a pamjigo ankandifunsa ngati ndayamba dimba m'chipinda.

Panapita masiku atatu. Loweruka apongozi anadzuka n'kumanga katundu. Anakhala kaye pamkeka mpaka dzuwa linafika pamutu, akuyang'ana mwana amene anali m'tulo tofa nato. Kenaka ndinawamva akuuza mkazi wanga:

"Uwauze ziguduli zisamaume."

Ndinawaperekeza kusiteji ndikuyenda chapambuyo mwaulemu, pamapewa ndasenza chikwama chimodzi chokha, chawo.