Zala za Mayi Taipi

Dzina loti Mayi Taipi analipata ku ofesi, kumene anatha zaka makumi atatu akugogoda makina olembera makalata. Mabwana asanu anabwera n'kupita, iwo ali pampando womwewo, ndipo palibe bwana amene anapezapo cholakwika m'kalata yawo. Akaphonya chilembo chimodzi, pepala lonse ankalisolola, kulifinya, n'kuyambiranso pa deti.

Atapuma pa ntchito, zala zinakana kupuma. Zinkagogoda tebulo, chitseko cha kabati, ngakhale msana wa amuna awo. Mkamwini wawo, pofuna kudzigulira malo, anawabweretsera ukulele, kagitala ka zingwe zinayi. Mayi anakatembenuza uku ndi uku.

"Zikomo, bambo," anatero. "Kakakula mudzabwere nako."

Iwo ankafuna chinthu cha mabatani. Mwamwayi sukulu ina inkataya piyano yakale, ndipo kuti ilowe m'nyumba anachita kuzula chitseko. Mphunzitsi anapezeka, mayi wa magalasi woimba limba kutchalitchi, yemwe ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu masana.

Zala zinalipo, liwiro linalipo, koma ofesi inali isanatuluke m'thupi. Pa makina aja, mzere ukatha, dzanja lamanzere limakankha chitsulo kuti pepala libwerere. Ndiye mzere wa nyimbo ukatha, dzanja lija linkanyamuka lokha, phaa! Magalasi a mphunzitsi pansi. Pofika sabata yachitatu mayi uja anali atasamutsira mpando wake kumanja.

Vuto lalikulu linali lina. Akaphonya batani limodzi, Mayi Taipi ankaima n'kuyambiranso nyimbo yonse. Anansi ankadziwa mzere woyamba pamtima, koma mathero ake palibe anawamvapo.

Amuna awo, amene anthu ankangowatcha a Dalaivala chifukwa anakalambira pa chiwongolero cha basi, anali munthu wa pakamwa posauma. Ankamvera ali gada pa sofa.

"Mayi, inetu basi ikagunda bampu sindinkabwerera m'mbuyo kuti ndikaligunde bwino. Pitirirani, anthu akafike!"

"Nyimbo si basi yanu yophwasuka ija," ankayankha motero, n'kuyambiranso.

Chaka chachiwiri a Dalaivala anagwa m'bafa, sitiroko. Anachoka kuchipatala akukoka mwendo wamanja, ndipo mawu anali atawathawa. Nyumba inangoti zii, ndipo Mayi Taipi anasowa mtendere, pakuti phokoso limene ankalidandaula zaka zonsezi ndi limene ankalifuna tsopano. Namwino anawauza kuti odwala ena amene akulephera kulankhula amatha kuimba, ndipo nthawi zina mawu amabwerera kudzera momwemo. Ayesere nyimbo imene bambo amaikonda.

Inalipo, ya mnyamata wodikira bwenzi pa siteji, imene ankaimba akuyendetsa basi. Mphunzitsi anailemba papepala. Mayi Taipi anawakhazika bambo pafupi ndi piyano, kumanzere, poti ndiko kunali malo.

Tsiku loyamba bambo anang'ung'udza. Tsiku lachinayi panatuluka mawu awiri omveka bwino. Mayi Taipi, mtima uli phaphapha, anaphonya batani, anaima, nayambiranso. Bambo anatsala kukamwa kuli yasa, mawu achitatu atathera m'khosi. Anatembenukira kuwindo, ndipo tsiku limenelo sanayesenso. Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi.

Mphunzitsi anavula magalasi yekha.

"Mayi, ndinene ndisanene? Mukaima inu, iwonso akuima. Kukwera kachiwiri sangathe."

Mawuwo anawapweteka Mayi Taipi, chifukwa anali oona. Moyo wawo wonse ankanyadira kusalakwitsa, ndipo lero kusalakwitsako kunali kuwatseka pakamwa amuna awo.

Loweruka m'mawa anakhala pa piyano awiriwiri. Mzere woyamba unadutsa bwino, bambo akutsatira pang'onopang'ono. Pa mzere wachiwiri chala chinatera pa batani loyandikana nalo, phokoso loti ngakhale galu wa aneba analimva. Thupi lonse linafuna kubwerera. Mayi analuma mano, napitirira. Anaphonyanso, napitirira. Anaphonya kachitatu, misozi itatseka maso moti pepala silinkaonekanso, koma pambali pawo mawu anali kutuluka, okhotakhota, olemera, mpaka bwenzi lija linatsika basi pa siteji ndipo nyimbo inatha.

Dzanja lamanzere linanyamuka mwa chizolowezi chake. A Dalaivala analigwira m'malere ndi dzanja lawo labwino lija, nalisunga. Milomo inalimbana kanthawi ndithu.

"Ma... mabampu," anatero.

"Atatu, bambo," anayankha Mayi Taipi akupukuta m'maso ndi dzanja linalo. "Koma tafika."