Dzanja Lotsala M'malere pa Moni wa Mtendere

Mayi Esitere Nkhoma, amene tawaika m'manda mwezi watha, anabadwira ku Kapondo m'banja la alimi a mtedza. Anaphunzira kwa masisitere, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri mu labotale ya chipatala chathu, kuyeza magazi ndi makhololo, Korona ili m'thumba la yunifolomu.

Edzi itavuta m'ma 1990, ogwira magazi anauzidwa kuti azivala magolovesi tsiku lonse. Mtanda wawo unayambira pamenepo. Manja anayamba kuyabwa, kutupa, kenako kung'aluka. Kuvula magolovesi kunali kuika moyo pachiswe, ndipo akanasiya ntchito odwala akanasowa wowayeza, poti mu labotalemo anali okha. Ankangodzola mafuta n'kuvalanso.

"Ambuye anawaboola manja ndi misomali," ankatero. "Ine ndidandaule kuyabwa?"

Koma pakamwa pa anthu sipapita ku tchuthi. Ena ankati ndi khate, ena ankanong'ona kuti matenda aja awapeza. Pa Misa, wansembe akati tipatsane moni wa mtendere, oyandikana nawo ankayamba kufunafuna nyimbo m'buku, ngakhale osadziwa kuwerenga. Dzanja lawo linkatsala m'malere. Izi zinkawapweteka kuposa zilondazo, koma Lamulungu lililonse ankalitambasulabe.

Mulungu anayankha kudzera m'baluni. Mu 2001, pokongoletsa tchalitchi pa Ukalistia woyamba wa ana, Mayi Esitere anangouzira baluni limodzi, milomo n'kutupa nthawi yomweyo. A Harold, dokotala wa pachipatalapo, anali pomwepo.

"Amayi, si matenda aja ayi! Ndi labala. Thupi lanu limadana ndi utomoni womwe amapangira mabaluni ndi magolovesi anu aja."

Anawapezera magolovesi apulasitiki, ndipo manja anapola. Nkhaniyo itamveka, moni wa mtendere unatalika kwambiri mwakuti kwaya inachita kubwereza nyimbo. Ena tinalira ndi chimwemwe. Mayi Esnart okha, amene kwa zaka ankakhala nawo benchi imodzi osawalandira dzanja, manyazi anawasamutsira ku benchi yakumbuyo.

Atapuma pantchito, Mayi Esitere ankayendera odwala a mumphakati mpaka miyendo inakana. Tsiku lomwe analandira Sakramenti la odwala, anaona Mayi Esnart ataima pakhomo, akulephera kulowa. Anatambasula dzanja.

"Lowani, anzanga. Mtendere wanu uja ndinakusungirani, sunaole."

Mayi Esnart analigwira ndi manja awiri, ndipo Mayi Esitere anatisiya lili momwemo.