Ndinaba Mchombo wa Khanda Langa

Anansi anga a ku Kabwata muno mu Lusaka mwina adzati ndikufuna kudziyeretsa, koma Mulungu ndi mboni, zimene ndikulembazi zinachitika ndithu ndipo sindinawonjezepo kanthu. Papita zaka zinayi, koma minibasi ikakhotera ku Woodlands ndimayang'anabe kumbali.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anadwala malungo aakulu ali ndi zaka ziwiri. Anachira, koma kuona kunapita. Adokotala a maso kuchipatala chachikulu anatiuza kuti maso akewo ndi abwinobwino, chimene chinafota ndi mtsempha wochoka kudiso kupita ku ubongo, ndipo mankhwala oudzutsa palibe. Chinamutsalira ndi kuwala kokha, moti ndikatsegula chitseko m'mawa ankatembenukira komweko n'kuseka. Anati tiyambe kumuphunzitsa kuyenda ndi ndodo. Ndodo, mwana wa zaka zitatu? Ndinatuluka osatsanzika.

Ndili ndi pakati pa wachiwiri, mayi wina amene ankandigulitsa zitenje ku Kamwala anandikokera kuseri kwa mabelo a nsalu n'kundifunsa kuti ba sisita, mukuliriranji pamene mankhwala mwawanyamula m'mimba? Anati mu mchombo wa khanda muli timaselo totchedwa masitemu selo, timene timatha kumeretsa mtsempha wakufa, ndipo iye akudziwa dokotala amene amachita zimenezi mwakachetechete chifukwa a boma amamuchitira nsanje. Ine sindine mbuli, setifiketi yanga ya ku koleji ili pakhoma, choncho ndinafufuza pafoni. Nditaona kuti kumayiko akunja akuyesadi zimenezi ndinasiyira pomwepo kuwerenga. Ndinkaopa kupeza mawu akuti ayi.

Nditabereka mwana wamwamuna, apongozi anabwera kuchokera kumudzi kudzandisamalira m'chikuta. Mukudziwa mwambo wathu, kachidutswa ka mchombo kakauma n'kugwa, agogo a mwana amakakakwirira pamalo odziwa okha kuti anthu oipa asakapeze. M'mawa uliwonse ankavundukula thewera kuona ngati kagwa. Kanagwa tsiku lachisanu ndi chimodzi iwo atapita kumsika, ine n'kukabisa m'kabotolo ka mafuta odzola, ndipo atabwera ndinanama kuti kapita ndi madzi osambitsira. Mayi wamkulu uja anagwada pangalande n'kuyamba kufufuza m'matope ndi manja, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti amake mwana, mchombo ulibe miyendo.

Patapita sabata ndinauza amuna anga kuti ndikupita kusikelo, koma ndinatenga ana onse awiri kupita ku Woodlands. Inali nyumba wamba ya mpanda wautali. Bambo wovala khoti yoyera anandilandira mwaulemu, madamu madamu osatha, anatenga kabotolo kaja n'kulowa nako m'chipinda china, ndipo potuluka anali ndi jakisoni wa madzi otuwa. Anati ndimupinde mwana wamkazi uja ngati wagona m'mimba ndipo ndimugwire miyendo. Ndinamugwira. Singano inalowa pamsana, mwana akulira kuti amayi kukuwotcha, bamboyo n'kuseka kuti ndiwo maselo ayamba kukwera amenewo. Anandilangiza kuti ndisauze aliyense, makamaka a kuchipatala, mpaka mwana ataona.

Tsiku lachiwiri masana thupi la mwanayo linatentha ngati mbaula, khosi linauma, ndipo ali pamphasa anayamba kugwedezeka, thovu kukamwa, msana utapindikira kumbuyo. Mukudziwa chimene ndinaganiza poyamba? Ndinaganiza kuti ndi maselo aja akugwira ntchito. Ndinadikira, ine mayi wake, mpaka apongozi anamunyamula okha n'kuthamangira naye kumsewu.

Kuchipatala anamwino anaona bala la singano pamsana. Adokotala, mayi wamng'ono ngati ine ndemwe, anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa za balalo, ine n'kukana kawiri. Kachitatu ananena motsitsa mawu kuti mayi, ngati mukufuna mwanayu mubwerere naye mutamubereka kumbuyo osati m'bokosi, lankhulani tsopano. Ndinaulula zonse amuna anga ndi amayi awo ali pomwepo. Adokotala anati kachidutswa kouma kaja mulibe chamoyo, ndi tizilombo tokhatokha, ndipo tizilomboto talowa m'madzi ozungulira ubongo. Anati ngakhale maselo enieniwo amatengedwa m'magazi a mchombo mwana akangobadwa, ndipo pa mtsempha wa diso akadali kuyesedwa, palibe dokotala woona amene angalonjeze kuti mwana adzaona.

Tinakhala m'chipatala masabata atatu. Mwana anapulumuka, koma kuwala kochepa kuja kunazima. Amuna anga atapita ku Woodlands ndi apolisi anapeza anthu akupenta nyumba kudikira ochita lendi atsopano, ndipo mayi wa ku Kamwala analumbira kuti nkhope yanga sanaionepo.

Apongozi mpaka lero amakhulupirira kuti ndinagulitsa mdzukulu wawo kwa a satana. Mwana wamwamunayo akangotsokomola amati ndi zomwezo, ndipo chakudya chophika ine sadya. Amuna anga sanandisiye, koma tikasemphana pang'ono amanditchula kuti ba dokotala, ndipo ndikanakonda akanangondimenya.

Ine za ufiti sindikhulupirira. Bambo uja sanafunike mankhwala ondikopera, anangofunika mayi amene sakufuna kumva zoona, ndipo mu Lusaka muno tilipo ambiri. Mwina tsiku lina maselo amenewa adzachiritsadi, koma tsikulo likadzafika sadzatiuzira kuseri kwa mabelo. Amayi anzanga, munthu akakuuzani kuti ali ndi mankhwala a mwana wanu koma musauze amuna anu kapena a kuchipatala, berekani mwana wanu muzipita. Wanga tsopano ali pasukulu, akuwerenga ndi zala, ndipo mwezi watha ndikumusambitsa anandifunsa kuti amayi, tsiku lija anandibaya pamsana, inu munali kuti? Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, sopo angalowe.