Kompyuta Yomwe Inawoloka Shire Ili Zidutswa

Ndinanyamuka pa Balaka m'mawa dzuwa lisanapse, ndalama zili m'sokosi, mtima uli m'mwamba. Anali masiku aja chipani chikadali chimodzi koma chitayamba kugwedezeka, timakalata topanda dzina tikupezeka m'misewu kukacha. Ine zandale sizinkandikhudza. Ndinali ndi kanyumba koonetsera vidiyo kuseri kwa msika, ndipo ndinamva kuti mzungu wina wokumba mijigo ku Machinga akubwerera kwawo, akugulitsa kompyuta yokhala ndi masewera mkati. Ndinaona kale m'maganizo ana asukulu ali pamzere, akulipira kuti ayendetse galimoto pagalasi. Njinga yanga yamoto ndinaigulitsa chifukwa cha kompyutayo, moti ikanalephera kufika pa Balaka yamoyo ndikanatsala wapansi, manja ali m'khosi.

Alamu anga a Lameki, omwe ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina, anandiperekeza kudepoti akulimbikirabe zawo.

"Alamu, ndakuuzani, ku Limbe amagulitsa zakufa za m'maofesi motchipa. Tigule zitatu, titolemo zamoyo, tipange imodzi. Ikadzafa tidzadziwa pomwe yafera."

"Iyayi, ine matumbo sindigula," ndinawayankha. "Ndikufuna yathunthu, yongolumikiza kumagetsi basi. Inuyo wailesi ya apongozi munaitsegula ikulira, mpaka lero ili chete."

Anaseka, koma ndinaona kuti mawuwo awalasa.

Pakhomo la basi ya ku Zomba panali achinyamata oona makhadi a chipani. Ndinaonetsa langa, n'kulipira makwacha anayi. Ndinakhala ndi bambo wina wachikulire wa kapu yoyera, Che Amidu, telala wa ku Ntaja, amene ankatafuna mtedza n'kumandigawira osandifunsa ngati ndikufuna. Basiyo inkaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ine n'kumangogwedeza mwendo ngati ndikupalasa makina a Che Amiduwo.

Cha m'ma naini tinafika pamlatho wa Liwonde. Panali migolo iwiri ndi mtengo wopingasa msewu, ndipo amuna a yunifolomu anatitsitsa tonse. Ankapisa m'zikwama, koma osati kufuna chamba kapena nyama ya m'nkhalango. Ankafuna mapepala. Bambo wina wa jekete, amene anati ndi mlembi wa mpingo, anapezeka ndi tayipi m'katoni. Analowa naye m'tenti, basi n'kunyamuka mpando wake uli wopanda munthu.

"Makina olembawa masiku ano ndi mlandu, baba," anandinong'oneza Che Amidu. "Akuti ndi amene akubereka timakalata tija."

"Nanga kompyuta?"

"Chimenecho ndiye chichi?"

"Ili ngati tayipi, koma ili ndi galasi kutsogolo."

"Tayipi yokhala ndi maso? Wallahi, musachiyandikire!"

Pasiteji ya Liwonde ndinagula nsomba ya mcheni yokazinga ndi chinangwa cha tambala makumi asanu, koma sindinadye, ndinangopatsa Che Amidu potsika iwo kukadikira galimoto ya kwawo.

Pa Machinga ndinafika dzuwa likuyandikira pamutu. Nyumba ya mzunguyo inali m'tsinde mwa phiri, mkati muli mabokosi okhaokha omangamanga. Anayatsa kompyuta ija, inalira kuti pii, kenako pagalasi panabwera msewu ndi kagalimoto kofiira. Anandisonyeza mabatani okhotera. Ndinagunda khoma, ndinagweranso m'dzenje, ndikuseka ndekha ngati mwana, zamlatho zonse nditaiwala. Ndinavula nsapato n'kulipira pomwepo. Nditamufotokozera za tayipi ija, anangokweza mapewa.

"Palibe vuto, bambo. Ndi masewera basi," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka.

Kwa iye kunalidi kosavuta, poti galimoto yomutengera kubwalo la ndege inali ikulira kale panja. Anandisiya pakhonde ndi zinthu zitatu: galasi, bokosi lachitsulo, ndi kiyibodi yodzaza zilembo ngati tayipi yeniyeni. Ndinachita mantha, osanama. Ndinazungulira nyumbayo ndikuganiza. Sitima nayo ankaifufuza. Bwato? Kuyika mtengo wonse wa njinga yanga yamoto m'bwato pakati pa mvuu? Kenako ndinakumbukira khonde la alamu, pomwe pamakhala mulu wa zitsulo ndi mawaya koma palibe amene amayang'anapo kawiri.

Ndinasenza katundu mpaka pamsewu, pomwe bambo wina ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndinabwereka sikuludilaiva, n'kuyala jekete pansi. Nditatsegula bokosi lija ndinapeza kuti chinthu chomwe ndinkachiopacho theka lake ndi mphepo. Munali thabwa lobiriwira, tina ting'onoting'ono tobayidwa pamwamba pake, mawaya ophwatalala ngati malamba, ndi kabokosi kolemera komwe mzungu anati ndi mmene mumagona masewera onse. Ndinazula chimodzichimodzi. Waya aliyense ndinkamumanga luzi, wina mfundo imodzi, wina ziwiri, kuti ndidzakumbukire kwawo, koma posakhalitsa ndinasokoneza ndekha mfundozo. Mabatani a kiyibodi ndinawatonola ngati chimanga n'kuwathira m'pepala la shuga.

"Achimwene, mwagula lero lomwe, mukupha lero lomwe?" anafunsa wanjingayo, atasiya ntchito yake kuti aonerere.

"Sindikupha, ndikuiwolotsa."

"Ee, kaya. Ine njinga ndikamasula ndimadziwa pobwezera."

Ndinagula mpunga kwa mayi wina pafupi pomwepo n'kuuthira m'bokosi lopanda kanthu lija mpaka pakamwa. Zamkati zonse ndinakulunga m'jekete, kupatula kabokosi ka masewera komwe ndinakaika m'thumba la malaya, pamtima.

Basi sinkaoneka, ndipo kudikira ndinalephera. Ndinakwera matola, kalole konyamula matumba a makala, makwacha atatu mpaka Balaka. Galasi ndinalifungatira pamiyendo. Galimoto ikagwa m'dzenje ine ndinkadzuka pang'ono kuti kabokosi kaja kasamve, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndili ndi chithupsa.

Pamlatho anatiimitsa dzuwa litapendeka. Anabwera kwa ine bambo wamtali wa yunifolomu, maso ofiira ndi kutopa.

"Ichi?"

"Galasi la vidiyo, bwana. Ndimaonetsa mafilimu pa Balaka."

Anapisa dzanja mumpunga, n'kuvundukula jekete. "Nanga izi?"

"Zamawailesi akufa. Ndimakonzanso mawailesi." Bodzalo linatuluka lokha, ntchito yomwe ndinainyoza m'mawa womwewo.

Anatsegula pepala la shuga, natola batani limodzi, nalitembenuza. Linali la chilembo cha A. Kumbuyo kwanga Shire ankangosokosera pazitseko za mlatho.

"Ana amaphunzirira a, e, i, o, u," ndinatero.

Analibweza. Ndinayamba kupuma, koma iye anati ndidikire, n'kulowa m'tenti muja. Ndinaganiza za mlembi wa mpingo, ndinaganiza za mkazi wanga amene sankadziwa n'komwe kuti ulendowu uli ndi zoopsa. Bambo wa yunifolomu uja anatuluka atanyamula kawailesi komangidwa ndi mphira.

"Mwati mumakonza? Aka kasiya kuyankhula sabata yatha. Taonani."

Anthu onse pa lole anandiyang'ana. Ndinakagwedeza, ndinakamenya pang'ono kumsana, n'kukaika kukhutu monga amachitira alamu akafuna kuti mwini wake aone kuti nkhani ndi yaikulu.

"Kapsa mkati, bwana. Zida zake zili ku Balaka."

"Tengani. Loweruka mubweretse kakulira." Anakweza mtengo uja yekha.

Kuchoka pamenepo sindinaone malambe kapena minda ya thonje. Ndinkangomva kabokosi kakundigunda pachifuwa, ndikudzifunsa ngati mukadali kanthu mkatimo.

Pa Balaka ndinabwereka wilibala, ulendo wa pakhonde la alamu. Ndinawapeza akuwotcherera waya. Ndinatsitsa galasi, bokosi la mpunga, jekete, pepala la mabatani, pomaliza kawailesi ka mphira. Anayang'ana muluwo nthawi yaitali, osaseka.

"Alamu, yathunthu ija ndi imeneyi?"

Ndinangovula chipewa. Anakhuthulira mpunga m'lichero, anapemerera fumbi, tinayamba kulumikiza, iwo akugwira, ine ndikukumbukira pomwe chilichonse chinachoka. Mfundo zanga zija anaziseka n'kuzidula, poti waya aliyense ankangolowa pamalo ake okha. Mabatani ndiwo anativuta, mpaka tinakasuzumira tayipi ya m'sitolomo kuti tidziwe mndandanda wake. Titayatsa koyamba, zii. Kachiwiri, ziinso. Ndinakhala pansi, ndikuona m'maganizo njinga yanga ikupita ndi mwini wake watsopano. Alamu anazula kathabwa kamodzi, anakapukuta pa malaya, n'kukakanikiza ndi chala chachikulu. Kompyuta ija inalira kuti pii. Msewu uja unabwera, kagalimoto kofiira kali pomwepo, ndipo ine, bambo wa ana atatu, ndinalira pakhonde la sitolo anthu akuona.

Amene amandifunsa lero ngati kuli bwino kugula yathunthu kapena kupanga wekha ndimawauza kuti ine ndinachita zonse ziwiri tsiku limodzi, ndipo ndinalipira mtengo wa yathunthu kuti ndiphunzire ntchito ya matumbo. Chomwe ndinagula ku Machinga chinali cha mzungu. Chinakhala changa pakhonde paja, nditagwira chiwalo chake chilichonse ndi manja anga, pambali pa munthu yemwe ndinamunyoza.