Tursunoy ndi Matenda a Mnzake

Tursunoy ndi Oyjamol anakwatiwa chaka chimodzi, amuna awo pachibale. Bwalo limodzi, mpopi umodzi, apongozi amodzi. Kuyambira pomwepo Tursunoy ankaona ngati zabwino zonse zikulowera khomo la mnzakeyo. Chipinda cholowa dzuwa anapatsidwa Oyjamol. Mwana wamwamuna anayamba kubereka ndi Oyjamol. Mwamuna wa Oyjamol, Ergash, anali ndi galimoto ndipo ankagona pakhomo, pamene wa Tursunoy, Holmat, ankamanga nyumba za eni ku Russia n'kumabwera nthawi yachisanu yokha, wotopa, wosafuna zolankhula.

Tursunoy ankaphika buledi wogulitsa pamsika wa ku Rishton. Mikono yake inali zipsera zokhazokha za uvuni. Buledi wakeyo anthu ankachita kulimbirana, koma zimenezo sizinkamutonthoza. "Oyjamol ngakhale dzira limamupserera," ankatero, "koma taonani mphete zili ku zala."

Tursunoy atayandikira zaka makumi asanu, thupi linayamba kumuchita zachilendo. Kumwezi kunkadumphadumpha, mtima unali wapachala, ndipo kutentha kunkamugwira mwadzidzidzi, thukuta kamukamu, ngakhale uvuni utazima. Sanauze munthu.

Tsiku lina Kunduz, namwino wa pachipatala cha m'deralo, anayenda khomo ndi khomo. "Amayi nonse amene mwapitirira zaka makumi anayi, bwerani tikuyezeni mawere, khomo la chiberekero, shuga ndi kuthamanga kwa magazi."

"Ndisiye mtanda ukufufuma kuti ndikavulire anthu?" anayankha Tursunoy. "Apite a manja osalalawo."

Oyjamol anapitadi, ndipo anamupeza ndi kachotupa m'bere, kochepa ngati nyemba. Anakachotsa kuchipatala chachikulu ku Fergana, madokotala n'kunena kuti wachita mwayi, matendawo awatulukira asanafalikire. Tursunoy analira misozi yeniyeni. Anamuphikira msuzi wa nyama ya nkhosa, anamuchapira, anamupesa tsitsi.

Koma wodwalayo atayamba kupeza bwino, nsanje inabwerera, yonenepa kuposa kale. Ergash ankakhala pansi pa mpesa kusendera mkazi wake makangaza, njere imodziimodzi. Apongozi analetsa Oyjamol kugwira tsache. Ana a Oyjamol ankaimba foni kuchokera ku Tashkent kufunsa ngati wadya. Ntchito yonse ya pabwalo inagwera Tursunoy. Ndiye Holmat naye anaimba, mawu oyamba: "Alamu ali bwanji?"

"Nanga ine simundifunsa, bambo a Dilbar?"

"Aa, iwe ndiwe chitsulo. Unadwalapo liti?"

M'mawa mwake Tursunoy anavala diresi yake yabwino n'kupita yekha kwa Kunduz. Mumtima anali ndi pemphero lochititsa manyazi, loti sakanaliuza munthu: amupeze ndi kenakake, kakang'ono, kosapha, kongokwanira kuti wina amusendere khangaza.

Zotsatira zitatuluka, Kunduz anamukhazika pansi. "Mawere ali bwino, chiberekero chili bwino. Kutenthako n'kusiya kusamba, si matenda. Koma magazi anu akuthamanga moopsa, mayi. Zimenezi zimagwetsa munthu ali chiimire. Mapiritsi awa muzimwa tsiku ndi tsiku, mchere muchepetse."

"Basi? Mapiritsi okha?"

Kunduz anamuyang'ana. "Mumafuna mpeni?"

Tursunoy anangomanga mpango wake n'kutuluka.

Nkhaniyo anaiulula pa chakudya chamasana, atausa moyo kaye kuti onse atchere khutu. Apongozi sanasiye n'kutafuna komwe. "Kuthamanga kwa magazi? Ine ndakalamba nako. Uzimwa tiyi wobiriwira." Ergash anati pepani, n'kupempha kuti amupatsire mbale ya mpunga.

Amene anasiya kudya ndi Oyjamol yekha. "Amayi anga anafa nazo zimenezi," anatero. "Anagwa akuchapa. Mnzanga, usazitenge mwachibwana."

Sabata yomweyo Oyjamol anaumiriza mwamuna wake kugula kamakina koyezera magazi. Kuyambira pamenepo, buledi woyamba akangotuluka mu uvuni, Oyjamol amatulukira ndi kamakinako ndi kapu ya madzi.

"Bweretsa mkono. Piritsi wamwa?"

"Ndamwa. Wasanduka dokotala liti iwe?"

"Usandinamize, Tursunoy. Yasama ndione."

Mtsuko wa mchere anauchotsa patebulo ndi Oyjamol, ndipo ndi yemweyo amene analanda foni tsiku lina n'kukalipira Holmat mpaka bamboyo anayamba kufunsa za mkazi wake, mwamanyazi, ngati mwana wotumidwa.

Magazi a Tursunoy anatsika, kutentha kuja kukuchepa, buledi akuphikabe. Amayi anzake pamsika amawauza kuti akayezetse asanagwe. Akamufunsa amene amamuyeza kunyumba, amapukuta manja pa epuloni n'kupotoza pakamwa.

"Oyjamol, nanga n'kukhala ndani? Wodwala ndine, koma makina ali m'nyumba mwake."