Akulu Otafuna Nsalu

Akulu ampingo oyandikana nafe kuno ku Chintheche anakhalitsa ku Joni, ndiye Loweruka lililonse amaphunzitsa amayi kagulidwe kanzeru, mwaulere, m'kachipinda ka mabuku kusukulu. Mawu awo sasintha: "Nsalu musanagule, tafunani kansonga! Malovu akada, thawani."

Tsono mwezi watha wamalonda wina wotsika m'sitima anangowatchula kuti "bwana", iwo n'kugula jekete lakuda osatafuna. Lamulungu mvula inawapeza panjira. Analowa m'tchalitchi shati yoyera ili mawangamawanga, ophunzira awo tonse tikuona.

Akazi awo anafunsa mokweza: "Ada, kodi mano munawaiwala ku Joni?"

Loweruka lotsatira kachipinda kanadzaza. Mayi aliyense anabwera ndi kansalu kake, kuti akuluwo atitafunire.