Geji ya a Mobin

A Mobin Saifi ankathira malasha m'sitima mpaka tsiku limene injini za nthunzi zinadulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo wamba. Anabwerera kuno ku Roorkee ndi chifuwa chosatha komanso kanthu kamodzi: geji yamkuwa yoyezera mphamvu ya nthunzi, ya pa injini yawo. Lachisanu lililonse asanapite kumzikiti ankaikwecha ndi bwemba ndi phulusa mpaka waliwali ngati yogula dzulo.

Ine ndimagwira nawo ntchito kwa mkamwini wawo, Gulfam. Timapanga magalasi amkuwa, makampasi, ndi timagiya tosazungulira n'komwe. Ogula ndi azungu. Akuti kwawoko olemba mabuku ena anayamba kupeka nthano zoti nthunzi sinafe, ndege ndi zonse zikuyendera malasha, dzina lake ati sitimupanki. Basi anthu anatengeka, kuvala ngati agogo awo n'kumasaka zipangizo zake. Koma zowala safuna ayi. Ntchito ya a Mobin inali yoviika zatsopano mu asidi kuti zikalambe.

"Bambo, tandibwerekani geji ija," anatero Gulfam tsiku lina. "Tiumbitse zofanana nayo."

"Udzabweza?"

"Aa, bambo, ndimadya mkuwa ine?"

Zoumbazo zinabwera dengu lodzaza, zonse waliwali. Amene anaziumbayo anaponya yeniyeniyo momwemo. Nanga akanaizindikira bwanji, poti inkawala ngati zinzake? A Mobin anaviika dengu lonse osayang'ana, monga amachitira masiku onse. Tinalongedza m'mabokosi, lole inanyamula.

Lachisanu a Mobin anabwera ndi bwemba m'manja kudzaitanitsa geji yawo. Gulfam anasaka paliponse, anatukwana woumba, anatukwana ine ngati ndine ndinaiponya m'dengu muja. Ndinkadikira kuti madalawo aphulike. Ine ndemwe mtima unkandiwawa. Iwo anangoyang'ana zala zawo zobiriwira ndi asidi.

"Ndiye kuti ndinaiviika ndine?" anafunsa.

"Eya, bambo," anatero Gulfam.

"Inakalamba bwino?"

A Mobin anavala epuloni n'kukakhala pa beseni lawo, poti kunali makampasi oyembekezera.

Gulfam anawapatsa geji youmba imodzi yotsala, muvi wake womata ndi guluu. A Mobin anaikoloweka pamsomali pomwe pankakhala yeniyeni ija. Masiku ano Lachisanu amangolunjika kumzikiti, ndipo bwemba uja akazi awo anathira m'ndiwo.